Tsitsi Loyera la Favour ndi Burashi ya Ba Martina

Ku Nangongwe aliyense amawadziwa Ba Martina ngati ambuya ogulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta pakhomo pawo, pafupi ndi pamene maminibasi amatembenukira. Inenso ndinkawadziwa choncho. Zaka ziwiri ndinkawapatsa moni wa pakamwa chabe, mumtima ndikudandaula kuti milu yawo ya tomato ndi yaing'ono. Sindinkadziwa kuti nkhope zambiri zopachikidwa m'makoma a nyumba za mu Kafue zinadutsa m'manja mwawo. Bwenzi mpaka lero ndisakudziwa, mwana wanga akanabadwa ndi mutu ngati wa ana a anzanga.

Favour anabadwa mu Juni ali ndi kachigamba ka tsitsi loyera pamwamba pa chipumi, kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu. Anesi anati si matenda, zimayenda m'magazi, nthawi zina zimalumpha munthu n'kukatulukira kwa mdzukulu. Ine pa mawu onsewo ndinatolapo amodzi okha: magazi. Kwathu kulibe munthu wotero. Kwa mwamuna wanga Collins nakonso ankati kulibe.

Amene ankanena zimenezo ndi Ba Gwendolyn, azakhali ake a Collins, amene anamulera makolo ake atamwalira. Amakhala ku Kafue Estates, ndipo akatsokomola iwo, amene amamwa mankhwala ndi Collins. Tsiku loyamba kuona mwana anamunyamula, n'kumuyang'ana pachipumi nthawi yaitali, kenako n'kundibwezera monga munthu amabwezera nsomba ya dzulo pamsika.

"Kwathu tilibe ivi," anatero.

Miyezi yozizira inandibisira, chifukwa mwana aliyense amakhala m'chipewa. Koma Okutobala atafika, dzuwa likuswa mtengo, Favour yekha mu Nangongwe monse ndiye anatsala ndi chipewa cha ubweya, thukuta lili kamukamu. Ine ndinafika giredi teni ndipo sayansi ndinkakhoza, koma ndinafufuza pa foni za tsitsi loyera mpaka ndinapeza matenda khumi ndi awiri, ena ogonthetsa m'makutu. Ndiye ndinayamba kugwetsa zivundikiro za mapoto kumbuyo kwa mwana kuti ndione ngati adzidzimuke. Ankadzidzimuka n'kulira, ine n'kusangalala. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati Collins wayamba kundimenya.

Masiku omwewo kunabuka kapulogalamu ka pa foni kamene kamatenga chithunzi chakale n'kuchipaka mitundu, munthu wakufa n'kumaphethira maso. Ba Gwendolyn anajambula chithunzi cha malemu atate awo, Ba Fatsani, chimene chili m'felemu pabalaza pawo, n'kuchidutsitsa m'kapulogalamuko, n'kuchiponya pa gulu la banja la pa WhatsApp. Mnyamata wa jekete, maso akuphethira, tsitsi lili bii. Pansi pake analemba kuti, "Onani mutu wa atate. Magazi sanama." Dzina langa sanalitchule. Uthengawo ndinauwerenga kambirimbiri ndili m'bafa, chifukwa m'nyumba mwathu ndi mokhamo muli loko.

Patapita masiku awiri Collins anabwera kuchokera kuntchito ali ndwii.

"Ba anti bakamba ati Loweruka la sabata yamawa tikhale pansi. Baitana na ba malume bako."

"Tikhale pansi pa chiyani?"

"Pa nkhani ya mwana. Ine sinikukaikira, Naomi, koma uziba mwamene balili."

Akunena choncho, maso ake anali pa makutu a Favour, kenako pa galasi la kabati, kuyerekeza ndi ake. Ndinadziwa tanthauzo lake. Akagwirizana kuti mwana si wawo, ndibwerera kwa amayi ku Mazabuka ndi chikwama pamutu, ndipo Favour akula akufunsa za atate ake, chonsecho mwamuna amene ndinamudziwa ndi mmodzi yekha.

Mantha amaphunzitsa zopusa. Ndinatenga pensulo ya nsidze n'kuyamba kudetsa kachigamba kaja m'mawa uliwonse. Sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani, mwina kuti Ba Gwendolyn adzati anaona molakwika miyezi inayi yonseyi. Lolemba ndinapita kukagula tomato mwana ali kumbuyo, ndipo nditawerama, Ba Martina anasuzumira pamutu pake.

"Pensulo ya nsidze iyi," anatero mosakweza mawu. "Mwapaka mosemphana ndi kumene tsitsi likulowera. Komanso munali pachangu."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinati mwana wagubuduka pa makala.

"Makala sayenda mzere wowongoka, mwanawe. Atate ake ndi mwana wa yani?"

Ndinawauza. Nditatchula Ba Fatsani, anasiya kupanga mulu wa tomato.

"Fatsani wa ku Dedza, ankagwira ku fakitale ya feteleza?"

Anafunditsa tebulo ndi chitenje n'kundilowetsa m'nyumba. Kuchipinda kwawo, pansi pa bedi ndi pamwamba pa wodilopu, munali zitini za mabisiketi zosawerengeka, zina zadzimbiri, chilichonse chili ndi chaka cholembedwa ndi penti. Uku akutsitsa zitini, uku akundiuza mbiri yawo, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali osafunsidwa.

Anabadwira mu Kafue momwemuno mu 1951. Atate awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anali Akatolika oti mwana akaphonya Misa sadya. Sukulu analekeza panjira, koma masisitere anaona kuti ali ndi dzanja, n'kumawapatsa ntchito yopenta maluwa pa makandulo a Pasaka. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakwatiwa ndi Ba Ambrose, mnyamata wa kamera amene anali ndi situdiyo ya chipinda chimodzi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Pakhoma panali chinsalu chojambulidwa ndeke, ndipo anthu ankaima patsogolo pake atanyamula chikwama chopanda kanthu. Panalinso jekete imodzi, tayi imodzi ndi wailesi yosalira, zonse za situdiyo.

"Ndiye jekete ya Ba Fatsani ija..."

"Yathu. Anaivala amuna oposa chikwi. Mukayenda m'nyumba za ku Estates mudzaona kuti agogo a aliyense anali ndi jekete yong'ambika thumba lakumanzere."

Nthawi imeneyo mafakitale anali atangotsegulidwa, anyamata akubwera kuchokera kulikonse. Akalandira malipiro oyamba ankathamangira kwa Ba Ambrose kukajambulitsa, chithunzi n'kutumiza kumudzi kuti akawafunsire mbeta. Ba Ambrose ankajambula ndi kutsuka. Chithunzi chikauma chinkapita kuseri kwa katani, kumene Ba Martina ankakhala pafupi ndi zenera ndi burashi yaing'ono ya tsitsi lowerengeka. Wa chipsera ankatuluka wosalala. Wa dazi ankamera tsitsi. Wa diso lofiira ndi mowa wa dzulo ankaoneka ngati mkulu wa mpingo. Utoto wochokera kunja utasowa m'masitolo, ankasakaniza mwaye wa nyali ndi madzi ndi kaulimbo pang'ono.

"Anthu ankati Ambrose ali ndi kamera yabwino," anatero. "Ena ankachokera ku Mazabuka kudzaifuna kamerayo. Ine ndinali kuseri, mwana ali pamsana, ndikuseka."

Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse kunali chidindo cha dzina la Ba Ambrose. La Ba Martina silinalembedwe paliponse, ndipo iwo amati ndi mmene ntchitoyo imayenera kukhalira, chifukwa wokonza akadziwika ndiye kuti wakonza moipa. Kenako kunabwera zithunzi za mitundu zotsukidwa ndi makina ku Lusaka, anthu n'kusiya kubwera. Ba Ambrose anamwalira mu 1998. Mwini nyumba anasandutsa situdiyo kukhala bala, ndipo Ba Martina anatuluka ndi zitini zawo pa wilibala n'kuyamba tomato. Ana awo anawauza kangapo kuti atenthe zinyalalazo. Anakana.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi anawagulira foni ya kamera, ndipo aphunzitsi ena opuma a ku parishi anawasonyeza kuti zimene zili m'zitinizo zikhoza kuonekanso popanda chipinda cha mdima chotsukiramo zithunzi. Tsopano tsiku lililonse, makasitomala akachepa, amaika chithunzi chimodzi pa tsamba la Facebook la anthu okonda mbiri ya Kafue, ndipo ena amapeza agogo awo amene sanawaonepo. Ine tsambalo ndinali ndisanalimvepo. Ndinali wotanganidwa ndi matenda khumi ndi awiri aja.

M'chitini cha 1972 anatulutsa envulopu yolembedwa "Fatsani, feteleza", n'kusololamo kapulasitiki kakuda kokhala ngati kagalasi kofewa. Anakagwira m'mbali n'kukaimika pa zenera.

"Bwerani muone."

Ndinayandikira, ndipo chimene ndinaona ndi ichi: munthu wa nkhope yoyera ngati ufa, tsitsi lonse loyera, mano akuda, maso akuda okhala ndi kadontho koyera pakati, ndipo pamwamba pa chipumi banga lakuda bii. Ine ndimapemphera ku Pentekosite, ndipo za anthu osunga mizimu ya anzawo m'zitini ndazimva kambiri m'maumboni. Ndinabwerera chambuyo mpaka ndinagunda wodilopu, dzanja langa lili pamutu pa Favour, pakamwa pakutuluka mwazi wa Yesu. Ndinali nditayeza kale kutalika kwa pamene ndinali ndi khomo.

Ba Martina anaseka mpaka anakhala pabedi.

"Muli ndi zaka zingati, amake mwana?"

"Makumi awiri ndi zitatu."

"Ndiye negetivu simunaionepo. Iyi ndiyo imatuluka m'kamera, chithunzi chimachokera apa. Zonse zimakhala chotembenuza. Choyera chimada, chakuda chimayera. Tsono ganizani ndi sayansi yanuyo. Banga lakudalo ndi chiyani?"

Ndinaganiza, ndipo zinanditengera nthawi yochititsa manyazi. Iwo anamata pepala loyera pa zenera, negetivu pamwamba pake, n'kujambula ndi foni. Anadina penapake ndi chala chonunkha kapenta, ndipo mzukwa uja unasanduka mnyamata wa jekete yemwe uja wa pa gulu la banja, ataima patsogolo pa ndeke. Pamwamba pa chipumi chake, chakumanja pang'ono monga Favour, panali kachigamba koyera.

Ndinakhala pansi pa simenti.

"Anabwera atapaka polishi ya nsapato," anatero Ba Martina. "Nyali za situdiyo zitatentha, polishi inayamba kutsikira m'maso. Ambrose anamutuma kukasamba. Anatsala pang'ono kulira, ati anzake kufakitale amamutcha Nkhalamba, ndipo makolo a mtsikana ku Dedza akaona imvi adzati ndi wamasiye wofuna womusamala. Ndinamuuza kuti apite, abwere Lachisanu. Negetivu sindinkaikhudza ine. Ndinkapenta pa pepala."

Ba Fatsani anamwalira Ba Gwendolyn ali ndi zaka zinayi, ndipo moyo wawo wonse bamboyo ankayenda m'chipewa. Amene akanakumbukira anatha. Chinatsala ndi pepala lija la m'felemu.

Chithunzicho ndinamutumizira Collins nthawi yomweyo, iye n'kutumizira azakhali ake. Ndinaphika nshima ndikuimba tsiku limenelo. Yankho la Ba Gwendolyn linabwera ndisanapakule.

"Masiku ano mafoni yapanga vilivonse. Nichosavuta kuikapo banga. Loweruka tikumana."

Awa ndi mayi omwe aja amene atate awo ankaphethira maso pa foni sabata yapitayo. Ndinafunsa Collins kuti iye akuganiza bwanji. Anati chithunzicho chikuoneka chenicheni, koma cha m'felemu nachonso ndi chenicheni, wakula akuchiona. Anali ngati munthu amene wakwera maminibasi awiri nthawi imodzi.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa Ba Martina kukawapempha kuti adzalankhule okha Loweruka. Anasankha kapenta, kuchotsa timiyala.

"Zaka makumi asanu palibe amene anandigwira," anatero. "Ndipo chinsinsi cha kasitomala sindinachiululepo. Pali maukwati mu Kafue muno amene anamangidwa pa burashi yanga."

"Ambuya, banja langa likutha chifukwa cha burashi yomweyo."

Sindinkafuna kuti zituluke mwamwano choncho, ndipo ndinayamba kupepesa. Anandiletsa ndi dzanja. Anamuyang'ana Favour, amene ankayamwa chibakera chake osadziwa kuti ali pa mlandu, n'kunena kuti ndidzawatenge naini koloko, koma basi ndilipire ine chifukwa mawondo awo sakwera ulere.

Loweruka pabalaza pa Ba Gwendolyn panali iwo, Collins, amalume anga a Evaristo amene anabwera ndi mawu okonzeratu m'thumba la shati, ine ndi mwana, ndi Ba Martina atavala chitenje cha Amayi Achikatolika, kachikwama kali pamiyendo. Ba Gwendolyn anawapatsa moni wa munthu amene sanaitanidwe.

"Ba mayo, tikuthandizeni?"

"Ndabwera kudzaona ntchito yanga, mayi. Ndi iyo ili pakhomayo."

Anafotokoza zonse, za polishi, za Dedza, za jekete. Anatulutsa negetivu. Ba Gwendolyn anaiyang'ana pa zenera, ndipo ndinakondwa pang'ono kuona kuti nawonso anadzidzimuka, ngakhale sanagunde kabati.

"Aka kapulasitiki kangakhale ka munthu aliyense," anatero. "Atate banga ni aba."

"Ndiye atsitseni. Tembenuzani felemu, muchotse katabwa. Mupeza chidindo cha Ambrose ndi nambala yofanana ndi ya pa envulopu iyi."

Collins ndiye anatsitsa, azakhali ake asanavomere kapena kukana. Misomali inali yadzimbiri, anaiwongola ndi mpeni wa buledi. Chidindo chinalipo, nambala inali yomweyo. Ba Gwendolyn anati chabwino, situdiyo ndi imeneyo, koma tsitsi ndi lakuda, aliyense ali ndi maso.

Ba Martina anapempha madzi m'kapu. M'kachikwama anatulutsa thonje ndi kachitsotso ka machesi, n'kukulunga thonje kunsonga. Anaika chithunzi pa tebulo pafupi ndi zenera, n'kuvala magalasi.

"Ndikayamba sindingabwezenso," anauza Ba Gwendolyn. "Dzanja lija linapita. Mukati ndisiye, ndisiya, nkhani yanu mupitirize popanda ine."

Ine ndinkawerenga maluwa a pa kapeti. Ndinadziwa kuti akakana, amalume atulutsa pepala lawo, anthu akangana mpaka madzulo, ndipo Collins akhala pakati akuyang'ana makutu a mwana. Ba Gwendolyn chithunzi cha atate awo anali nacho chimodzi chokhacho.

"Pukutani," anatero. "Tione bodza yanu."

Dzanja la Ba Martina limanjenjemera akamapereka tomato, koma litafika pa pepala linaima. Ananyowetsa thonje, kulifinya pa chala, n'kukhudza pamwamba pa chipumi kamodzi, kawiri, motsata tsitsi. Thonje linada. Anasintha lina. Pa kachitatu kuyera kunayamba kuonekera, kenako kachigamba konse, koyera kuposa pepala lozungulira, chifukwa zaka zonsezi kanali kobisika ku dzuwa ndi utsi.

Anaika kachitsotso m'mbale n'kuvula magalasi.

"Inali ntchito yabwino," anatero, osauza aliyense.

Ba Gwendolyn anatenga chithunzi n'kupita nacho pakhomo pamene pali kuwala. Anaima kumeneko atatifulatira nthawi yaitali. Atabwerera maso anali ofiira, ndipo anakhala pafupi ndi ine, chithunzi chili pamwendo, n'kutambasula manja.

"Nipatse mwana, amake Favour."

Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Anamuika pamwendo winawo, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku. Favour anawagwira ndolo n'kukoka.

"Na ukali ni wa kwathu," anatero. Kenako anatembenukira kwa Collins. "Iwe, ukhala chabe? Alendo babwera kuchoka ku Mazabuka, pita ukagwire nkhuku."

Kupepesa kwawo kunathera pomwepo, ndipo sindikuyembekezera kwina. Amalume anayesa kutulutsa pepala lawo, poti anali atalikonza sabata yonse, koma anauzidwa kuti asambe m'manja. Ine ndinali nditakonzanso mawu anga, aukali, oti ndidzanene chilungamo chikadzaoneka. Nthawi itakwana chinatuluka ndi ntchilintchili, ndipo Ba Martina anandimwetsa madzi otsala m'kapu ija.

Tikudya, Ba Gwendolyn anatsitsa mawu n'kufunsa Ba Martina za chithunzi cha amayi awo chimene chili kuchipinda, ngati nachonso chinadutsa kuseri kwa katani.

"Sindikukumbukira, mayi," anayankha, akusankha fupa. Munthu amene amakumbukira thumba long'ambika la jekete ya 1972.

Pobwerera Collins anati anyamule mwana. Ndinamupatsa. Kuchokera kwa azakhali ake kukafika pokwerera basi ndi kamtunda, dzuwa linali pamutu, ndipo Favour ndi wonenepa. Ine ndinatsalira m'mbuyo ndi Ba Martina, kuyenda monga mawondo awo amafunira. Collins ankaima n'kutembenuka, kusintha mwana phewa, akufuna ndimuuze kuti zatha. Sindinamuuze. Ndinali wotanganidwa kumva za mkulu wina wa kwaya amene anapempha Ba Martina kuti amuikire mano awiri akutsogolo pa chithunzi.